Kumanga ndi kuulutsa karoketi ka Mercury Redstone, mmene ine ndimachitira

Bokosi likangofika musathamangire guluu ayi. Yalani zonse pa tebulo, muwerenge tizidutswa tonse ngati takwana, kenako pepala la malangizo muliwerenge mpaka kumapeto musanadule kanthu, chifukwa pali zinthu zina zoti mukangomata basi zatheka, simungazabwezenso. Roketi yomwe ndikufuna tikambirane ndi Mercury Redstone ya kampani ya Estes ya ku Penrose ku Colorado, sikelo yake ndi 1/34, kutanthauza kuti chilichonse cha pa roketi yeniyeni anachichepetsa ka 34. Yeniyeniyo inali yotalika mamita 25 ndi pang'ono, ndiye yanuyi ikatha imafika cha m'ma 73 cm, yabwino kuyiika pa shelefu komanso yotheka kuyinyamula m'galimoto.

Roketi imeneyi ndi yomwe inanyamula Alan Shepard pa 5 Meyi 1961, munthu woyamba wa ku America kupita mlengalenga, ulendo wake unangotenga mphindi 15 basi. Koma kapusulo, kachipinda ka kunsonga kokhalamo munthu, yomwe ili m'bokosimu ndi ya ulendo wachiwiri, wa Gus Grissom pa 21 Julayi chaka chomwecho, ankayitchula Liberty Bell 7. Mukaona pa masitika pali kamzere koyera kokhotakhota ngati mng'alu musaganize kuti pepala linaonongeka, anachita kujambula dala pa kapusulo yeniyeniyo. Kapusuloyo itatera m'nyanja ya Atlantic chitseko chinaphulika nthawi isanakwane, madzi analowa nkumira, Grissom anapulumuka, ndipo kapusuloyo anthu ena anazayivuula mu 1999. Ine mwana wanga ndinamuuza nkhaniyi tili pa tebulo tikupala zipsepse, timapiko ta kumchira kwa roketi, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kufunsa kuti timaliza liti.

Tsopano chinthu chimodzi chomwe ndikufuna chikhale m'mutu mwanu kuyambira poyamba mpaka tsiku loulutsa. Redstone yeniyeni inali ndi makina oyiwongolera, inali ndi timapiko ta graphite mkati mwa moto wa injini komanso tina kunsonga kwa zipsepse, ikayamba kupendekeka makinawo amayibwezeretsa. Yanuyi ilibe chilichonse chotero. Chomwe chimayiyimika chilili m'mwamba ndi zinthu ziwiri zokha, kulemera kwake kuli pati ndi zipsepse zake zaima bwanji. Ndiye guluu aliyense yemwe mukuthira kumunsi, penti aliyense yemwe mukuonjezera kuti ioneke bwino, zonsezo zikukokera kulemera kumchira, komwe sikufunika. Maroketi a sikelo amavuta pamenepa kuposa wamba chifukwa zipsepse zake zimakhala zazing'ono potengera zenizeni, mpaka makiti ena amachita kuzikulitsako pang'ono kapena kuika zina zapulasitiki yoonekera mkati zoulutsira. Ngati simunamangepo roketi ina iliyonse, yambani kaye ndi kophweka ngati Alpha, muulutse kawiri katatu, kenako muzabwere ku iyi.

Zida sizambiri. Guluu wa matabwa uja woyera kapena wachikasu wa pa mapepala ndi balsa, guluu wa pulasitiki wa kapusulo, kampeni kakuthwa kosintha nsonga, sandipepa wa 220 ndi wa 400, lula yachitsulo, pensulo, tepi yomatira popenta, pulayima, penti woyera, wakuda ndi wofiira. Supa guluu musamudalire kwambiri, amauma msanga inde koma ndi wophwanyika, roketi ikatera pa nthaka yolimba chipsepse chimangothothoka pomwe wa matabwa akanagwira.

Yambani ndi chogwirira injini. Ndi kachubu kakang'ono ka 18 mm, kachitsulo kokola injini kuti isatuluke kumbuyo, kamphete kotchinga kutsogolo kuti isalowe mkati, ndi mphete zina zozungulira zoti kachubuko kakhale pakati penipeni pa chubu chachikulu. Yezani ndi lula malo onse monga pepala likunenera, osati ndi maso. Zikauma yesani kaye kulowetsa m'chubu chachikulu popanda guluu, ikathina palani mphetezo pang'ono ndi sandipepa mpaka iziyenda mosavuta. Apa mpomwe ambiri amalira. Mukapaka guluu mkati mwa chubu, kankhani kamodzi n'kamodzi mpaka pa mzere wanu osaima panjira, chifukwa guluu wa matabwa akakumana ndi pepala amagwira m'masekondi ochepa ndipo mukangopuma pakati imakanirira pomwepo, kutsogolo ayi kumbuyo ayi, ndipo mukakakamiza chubu chimafwanyika.

Zipsepse za balsa musazithyole pa thabwa lake ndi manja, dulani timalo togwira tija ndi mpeni. Balsa ndi mtengo wopepuka zedi komanso wofewa moti chikhadabo chokha chimasiya chizindikiro, ndiye mugwire mosamala. Ziphatikizeni zonse pamodzi nkupala m'mbali nthawi imodzi kuti zifanane ndendende. Mbali yomwe ikamatidwe pa chubu isiyeni yosalala ya fulati, musayizungulize. Pepala la m'kiti losonyeza pomata zipsepse likulungeni pa chubu, ikani timadontho, kenako kokani mizere yowongoka, ine ndimagoneka chubu pa felemu ya chitseko nkuyendetsa pensulo m'mbali mwake ndipo mzere umatuluka wowongoka bwinobwino.

Pomata pali kanjira kena kothandiza kwambiri. Pakani guluu wochepa pa chipsepse, chigunditseni pa chubu, chichotseni, dikirani pang'ono kuti ayambe kunata, pakaninso wina wochepa nkumata kachiwiri. Chimagwira msanga ndipo chimalimba kuposa kuthira wambiri kamodzi. Matani chimodzi, yang'anani kuchokera kumunsi kwa chubu ngati mukuyang'ana mu paipi, muone ngati chaima chilili osapendekera kumanzere kapena kumanja, chiume kaye, ndiye mupite ku china. Zinayi zonse tsiku limodzi ndi zotheka koma osati mu ola limodzi. Zikauma yendetsani guluu pang'ono m'makona momwe chipsepse chakumana ndi chubu nkusalaza ndi chala, kamzere kopyapyala basi, osati chimulu. Kumbukirani za kulemera kumchira zija.

Kachubu kakang'ono ngati sitilo yomwera kaja komwe kamamatidwa m'mbali mwa thupi musakapeputse. Ndi momwe mumadutsa ndodo yachitsulo yoyambira, ndipo roketi isanapeze liwiro lokwanira kuti zipsepse zigwire mphepo, ndodoyo ndi yomwe imayiwongolera. Kakakhota roketi imakodwa pa ndodo injini nkumangoyaka ili pomwepo. Lowetsani ndodo yeniyeniyo poyesa guluu asanaume.

Kapusulo ndi nsanja yake yofiira ndi pomwe mtima umafunika kuugwira. Nsanja ija pa roketi yeniyeni inali yopulumutsira munthu, zinthu zikavuta poyambira karoketi kake kankayenera kukoka kapusulo kuyichotsa pa ngozi. Pa kiti ndi timitengo tapulasitiki topyapyala tolukana, ndipo guluu wa pulasitiki amagwira ntchito posungunula pulasitikiyo, ndiye mukathira wambiri timitengoto timafewa nkupindika. Tengani guluu ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, kadontho kamodzi pa mfundo iliyonse. Ine ndimamanga mbali ziwiri, ndimasiya usiku wonse, mawa lake yachitatu. Ndimapentanso nsanja payokha ndi kapusulo payokha ndisanaziphatikize, chifukwa kupenta zofiira ndi zakuda zitamatana kale ndi chintchito chosatha. Pomata zopentapenta palani penti pamalo pokumana, guluu sagwira pa penti.

Lastiki yolumikiza thupi ndi kapusulo imamatidwa mkati mwa chubu ndi kapepala kopinda katatu. Kalowetseni mkati ndithu, masentimita angapo kuchokera pakamwa, kuti kasatchinge khosi la kapusulo polowa, ndipo kasalazeni kuti parachuti isazakodwepo potuluka. Ngati muli ndi lastiki ina yaitaliko ikani imeneyo. Yaifupi imapangitsa kuti kapusulo ikatuluka mwamphamvu ibwerere nkuzamenya pakamwa pa chubu, ndipo pa roketi iyi chomwe chimayamba kuthyoka ndi nsanja ija mwavutikira masiku atatu.

Za penti ndinena mwachidule ngakhale zimadya masiku ambiri. Balsa amamwa penti ngati siponji, ndiye mutseke kaye timabowo take ndi fila wa matabwa wosungunula ndi madzi, aume, mupale, mubwerezenso. Pakani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, mbali imodzi yokha chipsepse chimapindika. Mizere yozungulira pa chubu, momwe pepala lake linalumikizana, itsekeninso ngati mukufuna ioneke ngati chitsulo. Pulayima, penti woyamba wapansi, kupala ndi 400, kenako woyera. Popopera khalani patali pang'ono ndipo dzanja liziyenda, bola kupopera katatu mopyapyala kusiyana ndi kamodzi kochindikala komwe kamayenderera ngati misozi. Musaike tepi pa penti amene sanakwanitse tsiku, amasupuka. Ndipo penti wa mitundu iwiri yosiyana makampani muyese kaye pa kachidutswa, ena akakumana amakwinyika ngati khungu la nkhalamba. Masitika a m'madzi aviikeni m'madzi ofunda masekondi ochepa mpaka ayambe kuterera pa pepala lake, nyowetsani pamalo pomwe akupita, tsetserezani, finyani madzi ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mbali. Mizere yakuda ndi yoyera ya pa thupi la roketi yeniyeni sinali yokongoletsa, inkathandiza ojambula pansi kuona ngati roketi ikuzungulira, ndiye yesetsani ikumane bwino kumbuyo.

Tsopano tafika pomwe ine ndinaphunzira mowawa. Yanga yoyamba ndinayipenta kambirimbiri kufuna iwale, m'makona ndinathira guluu wochuluka poopa kuti zipsepse zingathothoke, ndipo sindinayeze kalikonse. Tsiku loulutsa inangochoka pa ndodo mamita ochepa nkuyamba kupinimbira m'mwamba, mutu pansi mchira m'mwamba, nkuzagwa chamutu parachuti isanatuluke. Nsanja inaphwanyika yonse. Mwana wanga anatola tizidutswa tofiira mu udzu kamodzikamodzi nkuika m'chipewa chake osayankhula kanthu, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa theka la ntchitoyo inali yake. Mdala wina wa ku kalabu komwe timaulutsira kuno ku England anabwera, anayinyamula nkuyiika pa chala chake, nkungondionetsa pomwe inakhazikika, pafupi zedi ndi zipsepse.

Nkhani yake ili chonchi. Roketi ili ndi malo awiri ofunika. Ena ndi pomwe kulemera kwake konse kumakumana, pomwe imakhazikika mukayiika pa chala. Ena ndi pomwe mphamvu ya mphepo imakankha ikamawomba cham'mbali. Malo a kulemera akuyenera kukhala kutsogolo kwa malo a mphepo, ndipo lamulo lomwe aliyense amatsata ndi loti mpata wake usachepere kunenepa kwa chubu, pa roketi iyi ndi cha m'ma 5 cm. Ndi chimodzimodzi muvi, chitsulo kutsogolo nthenga kumbuyo, mukautembenuza suuluka. Poyeza ikani zonse monga ikaulukire, injini yatsopano, parachuti, mapepala otchinga moto kuti parachuti isapse, zonse. Mangani chingwe pomwe yakhazikika, chigwireni ndi tepi, pitani panja nkuyizunguza pamwamba pa mutu. Ikamatsogoza mphuno yokha ili bwino. Ikamayenda chammbali kapena chambuyo onjezerani dongo lolemeretsa mkati mwa kapusulo, kankhirani kunsonga, yesaninso. Ngati kiti yabwera ndi dongo lake liikeni lonse, musasiyeko poganiza kuti ipepuke ikwere kwambiri. Amene muli ndi kompyuta pali pulogalamu yaulere ya OpenRocket, mumalowetsa miyezo nkukuonetsani malo awiri onsewo, imagwiritsa masamu omwe James Barrowman anakonza m'zaka za m'ma 1960. Koma ngakhale kompyuta ivomere ine chingwe ndimamangabe.

Injini zimagulidwa zopangapanga, ndipo apa ndikupemphani ndi mtima wonse, musayesere kupanga zanu ndi wonga kapena mankhwala a m'nyumba. Masewera amenewa anayamba ndendende chifukwa cha vuto limenelo. M'zaka za m'ma 1950 achinyamata ku America ankavulala, ena kufa kumene, posakaniza okha mafuta a roketi, ndiye Orville Carlisle, wogulitsa nsapato ku Nebraska yemwe ankadziwa za makombola a zikondwerero, anapanga injini yaing'ono yogwiritsa kamodzi nkutaya, G. Harry Stine nkuyambitsa bungwe lomwe pano ndi National Association of Rocketry mu 1957. Vern Estes anazapanga makina otulutsa injinizi zambirimbiri, anawatcha Mabel. Dziwaninso kuti injinizi saloleza kukwera nazo ndege, kaya m'chikwama cham'manja kaya chachikulu, ndiye amene mukuganiza zotengera kiti kumudzi, thupi lokha ndi lomwe linganyamulidwe, ndipo zoulutsa mufunse kaye a boma oona za ndege kumeneko.

Pa injini pamalembedwa zinthu ngati C6-3. Chilembo chikunena mphamvu yonse yomwe ili mkatimo, ndipo chilembo chilichonse ndi kawiri ka chinzake, A imafika 2.5 newton-sekondi, B 5, C 10, D 20. Nambala yoyamba ndi kukankha kwake, yomaliza ndi masekondi omwe imadikira moto ukatha isanaphulitse kawonga kotulutsa parachuti. Redstone ndi yolemera komanso nsanja ija imakoka mphepo, sikwera patali, ndiye imafuna C6-3. Mukaika C6-5 masekondi awiri owonjezerawo imakhala yatembenuka kale ikubwera pansi mwaliwiro. Yothera ndi 0 musayigwiritse nkomwe, sidikira ngakhale sekondi, ndi ya maroketi a zigawo zosanjikizana. Injini yomwe yagwa pa simenti kapena yakhala m'galimoto yotentha kenako kozizira, itayeni pambali, wonga wake umang'aluka mkati ndipo imatha kuphulika m'malo moyaka bwinobwino.

Bwalo likhale lalikulu. Pa injini ya C malamulo a chitetezo amati mbali yaifupi isachepere mamita 120, ndiye kuti bwalo la mpira limodzi palokha silikwana, pokhapokha ngati kuzungulira kwake kulinso poyera. Kutali ndi mitengo, nyumba, misewu ndi mawaya a magetsi, ndipo ikakodwa pa waya wa magetsi isiyeni, musayesere ndi ndodo. Udzu wouma ndi mdani wamkulu, amene tinakulira kumudzi tikudziwa mmene tchire limayakira mu Okutobala ndi kamoto kochepa chabe, ndiye lambulani pozungulira poyambira ndipo mukhale ndi madzi pafupi. Mphepo ikapitirira 32 km pa ola osaulutsa, koma kwa iyi ine ndimafuna tsiku lachete ndithu, m'mawa dzuwa lisanakwere. Ngati kuli kalabu pafupi pitani kumeneko, kuno kuli bungwe la oulutsa timaroketi la UKRA lomwe lili ndi makalabu m'madera osiyanasiyana, mumapeza bwalo lololedwa kale ndi anthu oti akuonereni roketi musanayatse.

Pokonza, yambani ndi mapepala otchinga moto, kuchuluka kwake monga malangizo anenera, muwafwanye mosathinitsa nkuwakankhira mkati. Tishu wamba ayi, amayaka nkumagwa ndi moto. Parachuti itambasuleni kaye, kukazizira pulasitiki imamatana ndiye iwazeni paudala wa ana pang'ono, ipindeni, zingwe muzikulunge momasuka. Kapusulo izilowa mosathina komanso mosagwedera, mukatembenuza roketi isagwe yokha koma mukakoka ndi zala ziwiri ituluke. Ikagwedera kulungani tepi pakhosi pake.

Kawaya koyatsira kalowetseni m'kabowo ka injini mpaka kagunde wonga, tsekani ndi kapulagi kake, pindani miyendo yake motalikirana. Tsetserezani roketi pa ndodo, pansi pakhale mbale yachitsulo yotchinga moto. Ndodo iime chilili, ngati mukupendeketsa chifukwa cha kamphepo musapitirire madigiri 30, ndipo kwa Redstone pang'ono pokha. Kiyi wa chitetezo akhale m'thumba mwanu nthawi yonse yomwe muli pafupi ndi roketi, osati pa bokosi loyatsira pomwe mwana angamufikire. Kolani timano tiwiri ta waya wochokera ku bokosilo pa miyendo ya kawaya koyatsira, tisagundane tokhatokha komanso tisagunde mbale kapena ndodo. Bwererani mamita 5, aliyense akhale kumbuyo kwanu, yang'anani kumwamba ngati kulibe ndege, lowetsani kiyi, werengani mokweza kuchokera pa 5, dinani batani ndipo muligwirebe mpaka iyake.

Ikakana kuyaka chotsani kiyi nkudikira masekondi 60 musanayandikire. Nthawi zambiri vuto limakhala kawaya sikanagunde wonga, timano tachita dzimbiri kapena mabatire afooka, sinthani kawaya nkuyambiranso.

Yathu yachiwiri tinayimanga miyezi iwiri, penti wochepa, dongo lonse m'kapusulo, chingwe tinazunguza kuseri kwa nyumba mpaka aneba kusuzumira pa mpanda. Tsiku lake batani anadina ndi mwana. Redstone sithamanga ngati timaroketi topepuka tija tongoti psuu nkusowa, imanyamuka mwaulemu moti mizere yakuda ndi yoyera mumayiona bwinobwino ikukwera, utsi woyera kumbuyo, mamita pafupifupi 60, kenako chete, masekondi atatu omwe amaoneka ngati ola, nkumva kaphokoso koti phu parachuti nkutambasuka. Inatera mu udzu wonyowa kutali pang'ono ndi ife. Musathamangire kugwira injini, imakhala ikutenthabe, ikazizira ichotseni, pukutani mwaye mkati mwa chubu, kokani lastiki muone ngati sinapse, gwedezani chipsepse chilichonse. Pa yathu kamtengo kamodzi ka nsanja kanali katasweka pa mfundo, tinakamata madzulo omwewo ndi nsonga ya kotokosera m'mano, ndipo Loweruka lotsatira inaulukanso kawiri.